Asanakonze Faelo ya Makalata, Ayambe Akopera

Makalata ambiri a nchito masiku ano sadzera ku positi. Mlembi wa kopaletivu ku Katete, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ku Chama, kalaliki wa pa kiliniki ku Nyimba, onsewa amalandira mau ocokera ku maofesi a Boma ndi kwa ogula mbeu kudzera pa kompyuta. Njira imeneyi inakhazikika m'Zambia m'caka ca 1994, pamene kampani ya Zamnet, yobadwira pa sukulu yaikulu ya University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti. Pa nthawi imeneyo inali ya anthu owerengeka a m'matauni. Lero yafika ndi kumidzi komwe, ndipo yafika pamodzi ndi mabvuto ake.

Limodzi mwa mabvutowo ndi ili. Tsiku lina m'mawa mlembi ayatsa kompyuta, atsegula pulogalamu ya makalata yochedwa Outlook, koma pulogalamuyo ikana. M'malo mwa makalata pabwera mau a Cingelezi ocenjeza kuti m'faelo yakutiyakuti mwapezeka zolakwika. Makalata a zaka zisanu kapena khumi, malisiti a ogula, mndandanda wa mamembala amene analipira fataleza, mapangano a ngongole, zonsezi zatsekeredwa mkati. Cimene ambiri amacita pamenepo ndico cimene cimapha makalata, ndico kuthamanga. Wina atsegula ndi kutseka kakhumi. Wina afunafuna mankhwala pa intaneti naika m'kompyuta ciri conse cimene wapeza. Wina amanga makinawo pa njinga kupita nao ku boma kwa wokonza, amene kawirikawiri mankhwala ake ndi amodzi okha, kupukuta zonse ndi kuyambanso. Kompyuta ibwerera kumudzi ikuyaka bwino lomwe, koma mkati iri ngati nkhokwe ya m'mwezi wa January.

Faelo ya makalata imene yaonongeka siyenera kukhudzidwa ndi mankhwala a mtundu uli wonse isanakopedwe ndi kusungidwa pena. Lamulo limeneli ndi lapafupi ndipo silifuna ndalama zambiri, komabe ndilo limaiwalika koposa malamulo onse a pa kompyuta. Limaiwalika kaamba kakuti anthu amaganiza kuti kukonza faelo kuli ngati kukonza njinga, kumene wokonza akalephera amangobweza njingayo mmene inaliri. Kukonza faelo ya makalata nthawi zambiri ndi kudula, ndipo cimene cadulidwa sicimeranso.

Kuti izi zimveke, ndi bwino kuyamba ndi mmene faeloyo inapangidwira. Munthu akayang'ana pa galasi la kompyuta amaona ngati kalata iri yonse iri payokha, monga mapepala m'kabati. Siziri conco ai. Outlook imaika makalata onse, olandira ndi otumiza, zithunzi ndi mapepala omangiriridwa ku makalatawo, maina ndi makeyala a anthu, ngakhalenso kalendala ya misonkhano, m'faelo imodzi yokha yaikulu imene dzina lake limathera ndi zilembo za .pst. Mkati mwa faeloyo kalata siikhala pamodzi. Imagawidwa m'zidutswa, ndipo zidutswazo zimaikidwa pali ponse pamene papezeka malo. Cimene cimagwirizanitsa zonsezi ndi kaundula wa mkati momwemo, amene amanena kuti mutu wa kalata yakuti uli apa, mau ake ali apo, cithunzi cake ciri uko, ndipo kalatayo ndi ya m'foda yakuti. Izi si zobisika, pakuti kampani ya Microsoft, mwini wake wa Outlook, inafalitsa poyera kapangidwe konse ka faeloyi m'caka ca 2010.

Tsono kalata yatsopano ikafika, kapena yakale ikasamutsidwa, Outlook imalemba m'malo angapo motsatizana, m'zidutswa ndi m'kaundula. Magetsi akazima pakati pa nchito imeneyi, kaundula amatsala akunena cina pamene m'faelo muli cina. Ndi monga kalaliki amene wafafaniza dzina lakale la mwini munda m'buku la amfumu, ndiyeno nyali yazima asanalembe latsopano. Munda ulipo, cimanga cirimo, koma buku silidziwa mwini wake. Mfundo imeneyi ndi yotonthoza mtima, cifukwa itanthauza kuti m'faelo zambiri zimene zakana kutseguka makalata akali amoyo. Cimene cathyoka ndi kaundula.

Nkhani ya magetsi si yacilendo kwa munthu wa m'Zambia. Magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba ndi ku mtsinje wa Kafue, ndipo madzi akacepa magetsi amagawidwa. Zinatero mu 2015 ndi mu 2019, ndipo zinafika poipa mu 2024, caka cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza m'mwezi wa February kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Kumene kulibe mawaya anthu amadalira sola, ndipo batire ikatsika kompyuta ya pa tebulo imazima mosatsazika. Kompyuta ya m'manja iyenera kupulumuka cifukwa iri ndi batire yakeyake, koma zambiri zimene zimafika kumidzi ndi zogwirapo kale nchito kwina, ndipo batire yake inafa kalekale. Waya akangogwedezeka, yazima.

Zifukwa zina ziripo. Pali kuzima kompyuta ndi batani Outlook isanamalize kutseka. Pali kusunga faeloyo pa fulashi ndi kuizula ikugwira nchito. Pali ukalamba wa disiki. Palinso kunenepa kwa faelo. Outlook ya 2002 ndi zinzake za m'mbuyo sizinali kulola faelo kupitirira magigabaiti 2, ndipo yofika pamenepo inali kungouma. Kuyambira pa Outlook ya 2003 malire anakwera kufika pa 20, ndipo kuyambira pa ya 2010 anafika pa 50. Koma faelo yobadwa m'masiku akale imakhalabe ndi malire akale ngakhale itasamutsidwira m'kompyuta yatsopano, ndipo m'maofesi ena faelo yotere yakhala ikupatsiranidwa kucokera kwa mlembi wina kupita kwa wina popanda woifunsa zaka.

Asanacite kanthu kali konse, mlembi awerenge dzina la faelo limene lalembedwa m'mau ocenjeza aja, naone zilembo zitatu za kumapeto. Ngati ndi .ost, mtima ukhale pansi. Faelo yotere ndi cithunzithunzi cabe ca makalata amene ali kwina, pa makompyuta akulu a kampani yosunga makalata, ochedwa maseva. Kuyambira pa Outlook ya 2013, makalata olandiridwa mwa njira yochedwa IMAP amasungidwa m'faelo ya mtundu umenewu. Ikaonongeka, munthu amatseka Outlook, nasintha dzina la faeloyo, ndipo Outlook ikatsegulidwanso imapanga ina yatsopano ndi kutenganso makalata ku seva. Mtengo wake ndi ndalama za intaneti ndi kudikira basi. Komabe asinthe dzina, asafafanize, pakuti maina a anthu ndi kalendala nthawi zina zimakhala m'kompyuta mokhamo osafika ku seva. Koma zilembozo zikakhala .pst, nkhani ndi ina. Njira yakale yochedwa POP imatsitsa makalata ndi kuwacotsa ku seva, ndipo Outlook ya zaka za posacedwapa, ngati munthu sanaisinthe, imawasiyako masiku 14 okha. Kalata ya caka catha, tsono, iri m'faelo imodziyo basi.

Kukopera ndi nchito yaing'ono. Outlook ikhale yotsekeratu, pakuti ikakhala yotsegula imagwira faeloyo osaileka, ndipo njira yotsimikiza ndiyo kuzima kompyuta bwinobwino, kuiyatsanso, ndi kusaikhudza Outlook konse. Faeloyo kawirikawiri imapezeka m'foda ya Documents, mkati mwa foda ina yochedwa Outlook Files, ndipo mau ocenjeza aja nthawi zambiri amachula malo ake enieni. Ikopedwe kupita pa fulashi kapena pa disiki yakunja, ndipo fulashiyo icotsedwe mwa dongosolo ndi kuikidwa m'kabati. Pali kamsampha kamodzi apa. Mafulashi ambiri amagulitsidwa okonzedwa mwa njira ya FAT32, imene siilandira faelo imodzi yoposa magigabaiti 4 ngakhale malo atakhalapo ambiri. Fulashi yotere imafuna kukonzedwanso mwa njira ya exFAT kapena NTFS, ndipo kukonzako kumapukuta zonse zimene zinali pamenepo, cotero zisamutsidwe coyamba.

Kukoperako kuli ndi phindu lina limene anthu salidziwa, ndilo lakuti kumayesa disiki. Faelo ikakopeka yonse mpaka kumapeto, ndiye kuti disiki ikali kuwerengeka, ndipo bvuto liri m'kaundula. Koma kukopera kukaima pakati, kompyuta nkunena za cyclic redundancy check, kapena mkati mukamveka kugogoda kobwerezabwereza, ndiye kuti yodwala ndi disiki. Pamenepo pulogalamu yokonza makalata siithandiza, ndipo kuiyendetsa kuli ngati kukoketsa ngolo ng'ombe yothyoka mwendo. Kompyuta yotere izimidwe, ndipo ipite kwa munthu wodziwa kucotsa mafaelo pa disiki yodwala, mau atanenedwa momveka kuti cofunika ndi zamkatimo.

Kope likasungika, pamenepo ndiye nthawi ya mankhwala, ndipo mankhwala oyamba ndi aulere, ali kale m'kompyuta momwemo. Microsoft imaika pamodzi ndi Outlook kapulogalamu kochedwa Inbox Repair Tool, kamene dzina la faelo yake ndi scanpst.exe. Sikaonekera pamaso. Kamakhala m'foda ya Microsoft Office, ndipo njira yapafupi yokapezera ndiyo kulemba dzina lakelo m'bokosi lofufuzira mafaelo. Kakatsegulidwa, Outlook iri citsekere, munthu amakasonyeza faelo yodwalayo ndi batani la Browse, nakanikiza Start. Kamayenda m'magawo 8, kuwerenga kaundula ndi kumuyerekeza ndi zimene ziridi m'faelo. Faelo ikakhala yaikulu nchitoyi ingathe kutenga ola kapena kuposerapo, ndipo nthawi zina kompyuta imaoneka ngati yauma. Siinaume, ndipo woizima pamenepo waonjezera bala pa bala. Kuona maso a nkhono nkudekha. Cifukwa cake nchitoyi isayambike madzulo batire ya sola itatsika, kapena pa ola limene magetsi amakonda kupita.

Tsopano nali gawo limene ambiri salimvetsa. Batani lomaliza lalembedwa kuti Repair, ndipo mau amenewa amapatsa munthu ciyembekezo cakuti zonse zibwerera mmene zinaliri. Koma nchito ya kapulogalamuka ndiyo kucititsa kuti faelo itsegukenso, ndipo kamafika pamenepo mwa njira iri yonse. Kakapeza kalata imene kaundula waiiwala, kamaitola ndi kuiika m'foda yochedwa Lost and Found, ndipo izi nzabwino. Kakapeza cidutswa cimene sikatha kucimvetsa, kamacitaya. Kamacita monga mai wopeta, amene cimene cauluka ndi mankhusu cauluka, ngakhale munali maso a cimanga osweka amene akanatha kupulumuka. Wopetera pa mphasa angathe kubwerera ndi kusankhanso. Wopetera pa fumbi, nkhuku ziri pambali, alibe pobwerera. Kope lija la m'kabati ndilo mphasa.

Ena adzanena kuti kapulogalamuka kamapanga kokha kope, lothera ndi zilembo za .bak, kasanayambe kukonza. Nzoona, ndipo kabokosi kopempha zimenezi kasasiyidwe kosaconga. Koma kope limenelo limagona pa disiki yomweyo imene mwina ndiyo ikudwala. Ndiponso kawirikawiri kapulogalamuka kamafunika kuyendetsedwa kawiri kapena katatu mpaka kaleke kupeza zolakwika, ndipo ulendo uli wonse kamafuna kulemba kope latsopano pa dzina lomwelo. Munthu wosasamala amapezeka wataya faelo yoyamba, natsala ndi kope la faelo yodulidwa kale.

Faelo ikatseguka, isakhulupiriridwenso monga kale. Mlembi wanzeru amapanga faelo ina yatsopano ya .pst mu Outlook momwemo, nasamutsira makalata m'menemo foda ndi foda, kuyambira ndi za mu Lost and Found, ndipo yakale ija amaipumitsa. Amene amagwiritsa nchito pulogalamu ina yaulere yochedwa Thunderbird ali ndi mwai pang'ono, pakuti iyo imasunga makalata a foda iri yonse payokha ndi kaundula wake payekha, ndipo kaundulayo amamangidwanso ndi batani la Repair Folder. Koma nakonso kukopera kumayamba.

Okonza makompyuta a ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lundazi si anthu oipa. Ambiri anaphunzira nchitoyi mobvutika, ndipo amacita cimene apemphedwa. Wobweretsa kompyuta akangonena kuti yafa, ikonzeni, wokonza amayesa nchito yake ndi kuyaka kwa makina, ndipo kupukuta zonse ndiyo njira yacangu. Mlandu, tsono, ugawidwe pawiri. Wokonza amene amapukuta disiki ya mwini wake asanafunse zimene zirimo sakuyenera nchito yake, ndipo mlembi amene amasiya kompyuta ya gulu pa tebulo la wokonza napita kukagula sopo sakuyenera udindo wake. Mlembi anene kuti cimene wadzera ndi makalata, aone ndi maso ake kuti kope lapangidwa, ndipo akhale pomwepo. M'faelo imeneyo muli maina a mamembala, nambala za zitupa zao za NRC, nambala za mafoni ndi mbiri ya ngongole zao. Kuyambira mu 2021 dziko lino liri ndi lamulo la Data Protection Act, limene limapereka udindo kwa onse osunga mbiri za anthu ena, ndipo kusiya kope la faelo yotere m'kompyuta ya wokonza si nkhani yaing'ono.

Za mapulogalamu ogulitsa amene amadzaza intaneti, mau ndi ocepa. Ambiri amasonyeza makalata otayika kwaulere, ndiyeno amafuna madola asanawatulutse. Ena amagwiradi nchito, ndipo nthawi zina amatola zimene scanpst yataya. Ena ndi misampha yodzala ndi mavairasi. Oyamba aja ayesedwe pokhapokha mankhwala aulere atalephera, ndipo ayesedwe pa kope la kope, osati pa lija la m'kabati.

Zonsezi ndi za tsiku la tsoka. Koma tsokalo limakula kapena kucepa malinga ndi zimene komiti inacita lisanafike. Makalata a kopaletivu ndi cuma ca mamembala, monga sikelo ndi buku la ndalama. Msungacuma amafunsidwa kuonetsa buku pa msonkhano, ndipo akacedwa nalo anthu amang'ung'udza, koma ndi makomiti owerengeka amene amafunsa mlembi kuti kope la makalata liri kuti ndipo linapangidwa liti. Funso limeneli liyenera kulowa m'ndondomeko ya msonkhano wa mwezi ndi mwezi. Mafulashi akhale awiri osinthana, imodzi kwa mlembi, ina kunyumba kwa wapampando, pakuti moto kapena mbala zikalowa m'ofesi zimatenga kompyuta ndi fulashi yomwe iri m'kabati. Nthawi ndi nthawi kopelo litsegulidwe pamaso pa anthu awiri kuti aone ngati mulidi makalata, cifukwa fulashi nayo imafa, ndipo imafa mwakacetecete. Caka cikatha, makalata a caka cimeneco aikidwe m'faelo yaoyao kuti yogwira nchito tsiku ndi tsiku ikhale yopepuka. Mapangano a ndalama ndi makalata a malo asindikizidwe pa pepala ndi kuikidwa m'faelo ya cikuto monga kale.

Adzakhalapo onena kuti magulu a kumidzi alibe ndalama za zinthu zotere. Pa kabokosi ka batire kochedwa UPS, kamene kamapatsa munthu mphindi zingapo zotsekera bwino magetsi akapita, dandaulo limeneli lingamveke, ngakhale kuti sukulu kapena kiliniki imene inatha kupeza kompyuta iyenera kuyesetsa kupezanso kameneka. Pa fulashi silimveka konse, pakuti mtengo wake sufika ngakhale pa thumba limodzi la fataleza. Cobvuta kwenikweni ndi cakuti m'magulu ambiri kompyuta ndi ya mlembi mwini wake, ndipo makalata a gulu amakhala osakanikirana ndi a banja lake. Akasamuka, akasiya udindo mokwiya, kapena akamwalira, makalata amapita naye, faelo isanaonongeke nkomwe. Gulu limene liri ndi kope kwa wapampando limapulumuka pa zonse ziwiri.

Ngati zonse zayesedwa ndipo makalata ena sanabwerere, patsala njira imodzi imene anthu amaiiwala kaamba ka manyazi. Kalata iri yonse iri ndi eni ake awiri, wotumiza ndi wolandira. Imene inacokera ku ofesi ya zaulimi ya m'boma mwina ikali m'makalata otumizidwa a ofesiyo, ndipo imene mlembi anatumiza kwa wogula mbeu mwina ikali kwa wogulayo. Mlembi akhale pansi ndi komiti, alembe maina a maofesi ndi anthu amene gulu linali kulemberana nao, ndi miyezi imene makalata ofunika anadutsa, ndipo awapemphe mmodzimmodzi kuti atumizenso. Acite zimenezi m'sabata yomweyo, pakuti maofesi nao amasintha anchito ndi makompyuta, ndipo kalaliki amene akumbukira lero kumene kuli kalatayo angathe kukhala atasamutsidwira ku Mongu mvula isanagwe.